Botolo Lathu, Sopo wa Wina

Fakitale ya sopo imene ndinkagwirako ntchito itatsekedwa, anzanga ambiri anayamba geni ya zovala ndi nsapato. Ine ndinabwerera kunyumba ndi chinthu chimodzi chimene manja anga ankachidziwa, kusakaniza sopo wamadzi wotsukira mbale. Ndinagula migolo iwiri yapulasitiki, sikelo ndi ndodo yaitali yotakasira, n'kutulutsa matayala akale ndi mipando yothyoka m'galaja ya kuseri kwa nyumba yathu. Galimoto tinalibe, choncho amuna anga sanatsutse. Anangoti bola fungolo lisamafike kuchipinda chogona.

Sopo woyamba ndinamuthira m'mabotolo a madzi akumwa, opanda chilichonse cholembedwa. Mlongo wanga wamng'ono, amene amagwira ntchito pa shopu yosindikiza zikwangwani ndi makalendala, atabwera kudzandiona ananyamula botolo limodzi n'kuliyang'ana padzuwa.

"Achemwali, munthu akamwa ameneyu poyesa juwisi, kupolisi mukanenako chiyani?"

"Ndikanena kuti m'mimba mwake mwayera."

"Sindikuseka ayi. Sopo wanu ndi wabwino, koma ali ngati mwana wopanda dzina. Akasochera mumsika mumuitana kuti ndani?"

Kuyambira tsiku limenelo tinakhala awiri pa bizinesiyo, ine wa za m'kati mwa botolo, iye wa za kunja kwake. Anabwera ndi mayina achingerezi odzaza pepala, ena oti lilime lipindike kaye usanafike kumapeto. Ndinamuuza kuti dzina limene mayi wotsuka mbale sangalitchule ali pa liwiro si dzina. Iye anati dzina lachikuda anthu aliyesa la katundu wotchipa. Tinakangana masana onse.

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anali pabwalo nthawi imeneyo. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo ankabwera kawirikawiri kudzacheza ndi kudzathandiza tintchito ta pakhomo. Tsikulo ankatsuka mphika wopserera ndi sopo wangayo. Atatsukuluza anautukula m'mwamba n'kunena kuti, "Inu mukulimbana ndi chingerezi, taonani mphikawu. Mbee."

Mlongo wanga anatembenuza pepala lake lija n'kulemba mawuwo kuseri ndi zilembo zikuluzikulu. Dzina linapezeka choncho.

Ine ndinkayesa kuti dzina likapezeka ndiye kuti ntchito yatha, osadziwa kuti ndi pamene ikuyamba. Mlongo wanga anafuna botolo lathulathu, lokhala ndi chiuno chaching'ono kuti lisamaterereke m'manja onyowa. Tinazungulira kwa opanga mabotolo mpaka nsapato kutha chidendene. Anafuna lebulo yachikasu ya zilembo zabuluu, ndipo chikasucho chikhale chimodzimodzi nthawi zonse. Ulendo wina anabweza mtolo wonse wa malebulo, akuti chikasu chake chikupendekera ku lalanje. Ndinatsala pang'ono kumusasantha ndi ndodo yotakasira. Anapentanso chitseko cha galaja, anandijambula zithunzi nditanyamula botolo, kundiuza kuti ndimwetulire ngati munthu wopanda mavuto, n'kumaziika pa intaneti.

"Dzina ndi lonjezo, achemwali," ankatero. "Munthu akagula lero, akagulanso mwezi wamawa, apeze mtundu womwewo, fungo la mandimu lomwelo, kulemera komweko. Mukangosintha kamodzi, mwamunamiza."

Mbali imeneyo ine sinkandivuta. Mgolo uliwonse ndinkauyeza ndi timapepala tija timasintha mtundu sopo akachita ukali, chifukwa soda wa kositiki akangochuluka pang'ono amadya khungu. Alamu ankamata malebulo, kutsekera mabotolo, nthawi zina kutakasa ine ndikatopa, ndipo ndinkawapatsa kangachepe. Patapita miyezi ingapo anati msana ukuwavuta, n'kusiya kubwera. Sindinaganize chilichonse.

Chimene chinandidya mutu chinali kulowetsa sopoyo m'mashopu. Pakhomo la msika wathu pali golosale yaikulu ya bambo wina amene aliyense amawatchula kuti a Mubweremawa, poti palibe chimene amayankha tsiku lomwelo. Ndinapitako mpaka mlonda wawo anayamba kundipatsa moni ngati wantchito mnzake. Pamapeto pake analandira katoni imodzi, n'kukaika mabotolowo pansi penipeni, kuseri kwa matsache, pafupi ndi mankhwala a makoswe.

"Bambo, kumeneko awaona ndani?"

"Anthu sagula chinthu chimene sakuchidziwa, mayi. Pamwambapa ndi pa katundu woyenda."

"Nanga achidziwa bwanji chili kuseri kwa matsache?"

Anayang'ana kudenga ngati yankho alemba kumeneko. "Mubwere mawa tikambirane."

Nditaona kuti ndikalambira pakauntala, ndinayamba kunyamula tebulo, beseni ndi ndowa ya madzi Loweruka lililonse n'kukaima pakati pa msika, nditavala malaya achikasu olembedwa Mbee pachifuwa. Ndinkauza amayi ophika m'malesitanti kuti aliyense abweretse mphika umene unamukana. Ankabweretsa dala miphika ya mafuta ouma ngati phula kuti andichititse manyazi, ndipo ndinkatsuka anthu ataunjikana, thukuta lili kamukamu. Munthu wamkulu, woti kufakitale ndinkavala jasi yoyera, kumatsuka miphika ya eni poyera. Ena ankaseka, ena ankagula, ena ankangobweretsa mbale zawo kuti ndiwatsukire ulere n'kumapita.

Woyamba kukhala kasitomala wokhazikika anali mayi wa lesitanti ya pakona, munthu wa mawu ochepa, wosaseka wamba. Anathira dontho m'beseni lake, kuvundula ndi dzanja, kununkhiza, n'kunena kuti, "Muzibweretsa Lolemba lililonse." Amayi ena mumsikamo amamvera iyeyo kuposa wailesi. Chaka chisanathe anthu anali atasiya kunena kuti sopo wa mbale, ankangoti ndipatseni Mbee, ndipo ine ndinasanduka mayi a Mbee. A Mubweremawa anakweza mabotolo athu pa shelefu ya pamaso n'kuyamba kundiimbira foni okha. Ndinagula mgolo wachitatu. Kwa nthawi yoyamba chitsekedwere fakitale ndinayamba kugona tulo.

Koma walira mvula walira matope.

Tsiku lina m'mawa ndikutakasa mgolo, mayi wa lesitanti uja anatulukira pakhomo la galaja. Moni sanapereke. Anaika botolo la Mbee patebulo, kenako n'kutambasula manja onse awiri pamaso panga. Khungu linali litasendeka pakati pa zala, m'zikhatho muli ming'alu yofiira.

"Mwayamba kuthiramo chiyani?"

Ndinatsegula botololo n'kulipendeka. Sopo wanga amatsika pang'onopang'ono ngati uchi. Ameneyu anangoti khuthu ngati madzi otsukira mbale kale. Fungo la mandimu munalibe. Nditaviika kapepala koyezera, kanasintha mtundu ndisanakavuule n'komwe. Koma botolo linali lathu, lebulo yathu, kungoti inali yamakwinya ngati inanyowapo.

"Uyu si wanga, mayi. Munagula kuti?"

"Kwa awa akumayenda naye m'mabeseni mumsikamu. Akuti ndi wochokera kwa inu, watsika mtengo poti sanadutse kugolosale." Anabweza manja ake m'thumba la epuloni. "Ine ndimawerenga dzina. Za m'katimo mumadziwa ndinu."

Ndinamupatsa botolo lina ndi mafuta odzola. Mafutawo analandira, botololo analisiya patebulo pomwepo.

Mbiri yoipa ili ndi miyendo yaitali. Sabata imeneyo isanathe msika wonse unali utamva kuti mayi a Mbee atchuka, ndiye ayamba kuthira madzi. Ena ankati ndi mmene amachitira onse. Mayi wina wogulitsa tomato anandiuza m'maso muli gwa kuti iye anazindikira kalekale kuti zimenezi sizikhalitsa. A Mubweremawa anandibwezera makatoni, ndipo aka kanali koyamba kuti achite chinthu tsiku lomwelo. Ndinkafotokoza shopu ndi shopu mpaka kukhosi kuuma, koma ungamuuze bwanji munthu kuti chimene wagwira m'manja, cholembedwa dzina lako, si chako?

Ndinapeza mayi mmodzi wa beseni akutsatsa pafupi ndi pokwerera basi. Ankakuwa kuti Mbee wotchipa, Mbee wa kufakitale. Nditamufunsa kumene amamutenga, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuwerenga malaya anga, n'kundiuza kuti ngati ndikufuna kuyamba nawo geniyi ndipeze malo anga, pamenepo ndi pake. Ndinati ndine mwini wake wa sopoyo. Anati aliyense masiku ano ndi mwini wake, n'kusenza beseni lake.

Mlongo wanga ndi amene anaona kuti m'mabini a zinyalala mumsikamo munali mabotolo amitundu yonse kupatula athu. Tinafunsa bambo wina wotola mapulasitiki. Anatiuza mosabisa kuti a chiuno aja akuyenda malonda, amagula ndi mayi wina wa kuseri kwa sukulu ya pulayimale, nyumba ya geti lobiriwira, ndipo safuna ong'ambika lebulo.

Mlongo wanga anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Geti limenelo anapenta ndi amuna anga. Ndi kwa alamu.

Ndinapita ndekha dzuwa lili paliwombo. Geti linali losakhoma. Pa waya woyanika zovala ndi pa mpanda ponse panali mabotolo athu atawazondotsa kuti aume, chikasu chokhachokha ngati munda wa mpendadzuwa. Alamu anali atakhala pa kampando, bafa lalikulu lili pakati pa miyendo, akutakasa ndi mpini wa tsache. Msana sunkaoneka kuti ukuwavuta.

Atandiona sanadzidzimuke n'komwe. "Alamu, lowani. Mukananena ndikanatereka tiyi."

"Mukuchita chiyani?"

"Zomwe mumachita inuzo."

"M'mabotolo anga?"

"Anu ati? Munagulitsa, eni ake anataya kudzala, ine ndagula kwa otola. Kuba kuli pati pamenepa?"

"Dzinalo, alamu. Anthu akusupuka manja, akutukwana ine."

Anasiya kutakasa n'kupukuta manja pa siketi. "Dzinalo anatchula ndani? Inu ndi mlongo wanu munkalimbana ndi chingerezi. Amene anatukula mphika uja ndi ndani? Lero mwatchuka nalo, mwalisindikiza pa malaya, pa chitseko, ine mwandipatsa chiyani? Ngakhale malaya amodzi."

Ndinawauza kuti kutchula mawu ndi kwina, kutsuka miphika ya eni padzuwa chaka chathunthu ndi kwinanso. Iwo anati sopo ndi sopo, thovu ndi thovu, ndipo amene khungu lake ndi lofewa azivala magolovesi. Ndinawafunsa ngati amayeza soda. Anati ankaona mmene ndinkachitira, palibe chachilendo chimene chinalipo. Ndinatuluka, geti kulisiya pululu.

Amuna anga anamvetsera nkhaniyo akuvula nsapato ataweruka kuntchito. Anatenga nthawi yaitali pa nsapato yachiwiri.

"Ndi achemwali anga," anatero.

"Ndikudziwa kuti ndi achemwali anu. Ndikukuuzani zimene achita."

"Alibe wowathandiza. Ana awo ali pasukulu. Kodi timabotolo tochepa timeneto tingagwetse bizinesi?"

"Yagwa kale. Makatoni abwerera, ali m'galajamo, pitani mukawaone."

"Chibale ndi fupa, mayi, sichiwola."

"Manja a anthu ndiye akuwola."

Anati akalankhula nawo. Anapitadi, anakadya komweko, n'kubwerako ndi uthenga woti achemwali awo akhumudwa ndi mmene ndinatulukira osatsanzika. Masiku otsatirawo m'nyumba mwathu tinkalankhulana za magetsi ndi za yunifolomu ya mwana basi.

Mlongo wanga ankafuna kuti tikasume. Koma titapita kwa loya, funso lake loyamba linali lakuti kodi dzinalo tinalembetsa kuboma. Ndinayang'ana mlongo wanga. Iye anayang'ana nsapato zake. Munthu wobweza malebulo chifukwa cha chikasu anali asanachite zimenezo, akuti ankadikira kuti bizinesi iyambe yaima. Loyayo anati ngakhale zili choncho mlandu ulipo ndithu, koma ndiganize kaye ngati ndikufuna kuimika mlamu wanga m'khoti kwinaku ndikugona nyumba imodzi ndi mlongo wake. Kuchoka apo tinathamangira ku ofesi yolembetsa mayina a malonda, kumene anatilandira bwino kwambiri n'kutiuza kuti zimenezi zimatenga miyezi.

M'basi pobwerera ndinakhala kuwindo, iye pambali panga.

"Dzina ndi lonjezo," ndinatero.

"Achemwali, musayambe."

"Sindinayambe. Ndikungokumbukira maphunziro."



Nkhaniyo inakathera pabalaza pa apongozi anga, Lamlungu masana, amuna anga ndi alamu ali pomwepo. Ndinatenga mabotolo awiri, langa ndi la alamu, n'kuthira m'mbale ziwiri kuti aone okha kusiyana kwake. Apongozi anavala magalasi, kuyang'ana uku, kuyang'ana uku, n'kunena kuti onse ndi achikasu.

"Mwananga," anatero kwa ine, "Mulungu akakupatsani, dzanja musamafumbate. Ndipo iwe," anatembenukira kwa mwana wawo, "mabotolo a mnzako uwasiye. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Basi yatha. Gwiranani chanza."

Ndinafuna kunena za manja a anthu, za makatoni obwerera, koma amuna anga anandiponda chala pansi pa tebulo. Tinagwirana chanza. Dzanja la alamu linali lokhakhala ngati khungwa la mtengo. Sopo wawoyo ankawadya nawonso.

Lonjezo lawo anasunga. Mabotolo athu anawasiyadi. Patapita masabata angapo mlongo wanga anafika kugalaja n'kuika botolo patebulo. Linali botolo wamba, lopanda chiuno. Lebulo yake inali yachikasu, zilembo zabuluu zopendekera pang'ono, ndipo analembapo kuti Mbee Weniweni.

Ndinakhala pa katoni. Mlongo wanga anayamba kuseka, kuseka kosakoma, mpaka misozi kulengeza.

"Ndiye kuti wathuyu ndi wabodza," anatero.

Tinachita zimene tikanatha. Tinasintha zotsekera n'kuika zokhala ndi kamkombero kamene kamathyoka ukatsegula koyamba, n'kulemba pa lebulo kuti kakakhala kothyoka musagule. Zimenezi zinakweza mtengo, ndipo amene ankadandaula za madzi anayamba kudandaula za mtengo. Tinayambanso kulandira mabotolo athu akatha, kuti wina asatengere nzeru za alamu. Galaja inadzaza mabotolo akuda oti ndizitsuka ndekha. Ndinabwerera m'mashopu ndi nyimbo yatsopano, yang'anani chiuno, yang'anani chotsekera. Ogula ankandifunsa kuti weniweni ndi uti, ndipo ndikati ndi wanga, ankaloza botolo la alamu n'kufunsa kuti nanga apa alembapo chiyani. A Mubweremawa analandiranso katundu wathu, koma n'kumuika moyandikana ndi wa alamu, shelefu imodzi.

"Wogula asankhe yekha, mayi. Ine za m'banja mwanu sindilowerera."

Kwa mayi wa lesitanti ndinapita ndi botolo latsopano. Ndinamupeza akutsuka ndi sopo wamtanda, uja amasiya mafuta m'mbale. Ndinamufotokozera zonse, za geti lobiriwira, za chotsekera chatsopano. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'madzi.

"Ndamva, ndipo ndikukukhulupirirani," anatero. "Koma manja angawa akaona chikasu akumabwerera okha. Apatseni nthawi."

Ndinasiya botololo pawindo la lesitantiyo. Nditadutsa sabata yotsatira linali pomwepo, losatsegula, fumbi litayamba kukhalapo.

Chopweteka kwambiri chinali chakuti aliyense amene Mbee Weniweni wamuwotcha ankabwera kwa ine. Anthu satchula mawu achiwiriwo. Mphunzitsi wina anandiimitsa pamsewu n'kundionetsa chithunzi cha zala za mkazi wake pafoni. Mayi wina anandiponyera botolo pamapazi. Ndinalitola, kuwasonyeza kuti lilibe chiuno, iwo n'kuyankha kuti sanabwere kudzaona ziuno. Mlongo wanga anati mwina tingosintha dzina, tiyambirenso.

"Dzinali ndinalipira ndi msana," ndinamuuza. "Amene asinthe si ine."

Ndinakumana nawo alamu kushopu yogulitsa mankhwala opangira sopo, kumbali ya mafakitale. Anali kutsogolo kwanga pamzere. Chichitikireni za pabalaza zija tinkangopatsana moni wouma tikakumana. Ndinamva akuitanitsa soda wa kositiki wochuluka moti ine ndikanapangira migolo yambirimbiri, koma mankhwala a thovu pang'ono chabe. Zala zawo zinali zokulunga ndi mapulasitala, ndipo thumba la katunduyo analinyamula ndi mikono, kulikumbatira pachifuwa.

Nditatuluka ndinawapeza ataima pamthunzi wa khoma, akundidikira.

"Alamu," anatero, maso ali kumsewu. "Kodi soda mumathira wochuluka bwanji? Anthu akudandaula."

Ndinaima.  Ndikanangowasiya, bizinesi yawo ikanadzifera yokha, koma ikanafa itakoka dzina langa kupita nalo kumanda, ndi manja a anthu ambirimbiri panjira. Ndikawauza, ndiye kuti ndikunolera mpeni munthu amene akundicheka nawo. Kulikonse kumene ndinkayang'ana, woluza ndinali ine.

"Muli ndi sikelo?" ndinafunsa.

"Ndimayeza ndi kapu."

"Kapu." Ndinapumira m'mwamba. "Soda sayezedwa ndi kapu, alamu. Si shuga."

Ndinatsegula chikwama n'kutulutsa paketi ya timapepala toyezera imene ndinali nditangogula kumene, n'kuigawa pakati. Ndinawauza kuti agule sikelo, sodayo azimusungunula padera n'kumusiya azizire, azithira pang'onopang'ono akuviika kapepala, ndipo kakafika mtundu uwu, ndinawasonyeza pa paketipo, asiye. Akafuna kuti sopo alemere azithira mchere, osati soda. Madzi achepetse. Magolovesi aja ankauza anthu kuti azivala, avale iwowo. Ndinalankhula mwaukali ngati ndikuwatukwana, moti mlonda wa pashopupo anasuzumira kuti aone ngati kuli ndewu. Iwo ankangogwedeza mutu, n'kundipempha kuti ndibwereze za mcherezo.

"Ndipo mawu akuti Weniweni aja muwachotse," ndinatero pomaliza.

"Malebulo ndinasindikiza ambiri," anayankha. "Akatha tidzaona."

Nditamuuza mlongo wanga anagwira kumutu ndi manja onse awiri.

"Mwawaphunzitsa? Ulere?"

"Ukanakonda kuti apitirize kusupula anthu m'dzina lathu?"

"Achemwali, m'mabuku onse a zamalonda amene ndinawerenga, zimenezi mulibe."

"Ndiye ukalembemo."

Madandaulo a manja anatha pang'onopang'ono. Mbee wathu akadalipo, ngakhale mgolo wachitatu uja masiku ambiri umakhala wouma. Makasitomala ena anabwerera, ena anakhazikika kwa alamu poti wawo ndi wotchipa ndipo tsopano sawotcha. Mayi wa lesitanti akadali pa sopo wamtanda. Chikalata cha dzina sichinatuluke, akuti chili m'njira. Malebulo a alamu nawo sanathe, ndipo ndayamba kukayikira ngati adzathe.

Mwezi watha amuna anga anabwera ndi botolo la Mbee Weniweni kuchokera kwa achemwali awo, akuti ndi mphatso yanga yothokoza. Analiika pa sinki akumwetulira ngati munthu amene wagwirizanitsa mayiko. Ndinathira pang'ono m'kapu. Anatsika pang'onopang'ono. Ndinaviika kapepala, mtundu wake n'kutuluka wolondola ndendende. Ndinakayang'ana kapepalako kwa kanthawi, kenako ndinawauza kuti botololo alichotse m'khitchini mwanga, akatsukire njinga yawo.